Khoma la Apongozi

Lolemba, 6 Okutobala

Kutentha kwafikapo. Malata akuchita kulira okha masana. Fodya wothirira ali kale m'munda, ife omanga tili pa balani yachisanu youmitsiramo fodya, kukonza ng'anjo.

Lero kwabwera injiniya. Ine ndimayembekezera chimunthu chamimba, chandevu. Kutsika m'galimoto kamtsikana, msinkhu wa Charmaine, mwana wanga woyamba. Dzina Rutendo, wa ku Harare. Jombo zatsopano, zosaponda ndowe chibadwire. Passmore, foromani wathu, kuthamanga kukakatsegulira chitseko ngati kwabwera bishopu.

Nkhani yake nayi. Kampani yomwe yachita lendi famu ino ikufuna nyumba zonse za m'komboni ziyesedwe. Akuti ogula fodya safuna fodya wolimidwa ndi anthu ogona m'mabwinja. Nyumba 41, zambiri za m'ma 1960. Iliyonse ipakidwa penti pachitseko. Wobiriwira, isiyeni. Wachikasu, ikonzedwe. Wofiira, igwetsedwe.

Ine andisankha kuti ndiziyenda nako. Ntchito yanga kunyamula makwerero. Zaka 31 ndikumanga pa famu ino. Makwerero!

Kanandifunsa dzina. Ndinati Kondanani. Akuti, "Zvakanaka, Sekuru Konda." Chishona chimenecho, kuti chabwino, agogo Konda. Tsiku loyamba lomwe, dzina langa kulidula pakati.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndivomere, poti buku ili saliwerenga munthu: kamtsikana kamaidziwa ntchito. Kanyundo m'manja, kugogoda khoma, khutu tcheru. Pamene pakulira ngati ng'oma, kakudziwa kuti pulasitala wasiyana ndi njerwa. Ine ndimayesa zimenezi tinkazidziwa awiri basi, ine ndi malemu a Sixpence, apongozi anga aamuna amene anandiphunzitsa kumanga. Kani kusukulu amaphunzitsanso zogogoda.

Tinafika pa nambala 3, yanga. Kugogoda, kusuzumira m'denga, kupondaponda pansi. Kenako, "Anakonza muno ndani?" Ine kungotsokomola. Simenti yofiira yapansi, ndine. Khonde la nsanamira ziwiri, ndine. Siling'i, komboni yonse ili ndi siling'i imodzi, ndine. Mpopi mapazi khumi ndi awiri kuchokera pakhomo. Penti wobiriwira pomwepo. Jesinta akuti masana onse ndimayenda ngati tambala. Mkazi akakhala nawe zaka zambiri amayamba nsanje.

Kenako nambala 14. Ya apongozi anga aakazi, a Filesi, amake Jesinta, yomanga a Sixpence ndi manja awo. Mng'alu kukhoma la kum'mawa, kuyambira pansi pa zenera la kuchipinda, kukwera mokhotakhota motsata njerwa mpaka kudenga. Ndakhala ndikuuona. Ndinaumatapo kawiri kunja. Wopyapyala, nsonga ya mpeni kulowa movutikira.

Rutendo anafuna kuona mkati. Pabalaza analowa. Kuchipinda, loko. Apongozi akuti kiyi anapita ndi mdzukulu ku Guruve. Mdzukulu uti? Ku Guruve tilibe ngakhale galu. Ine ndinangoyang'ana mtengo wa mango.

Ndiye kanatulutsa timagalasi, topyapyala, utali ngati chala. Kumata kamodzi chopingasa mng'alu, guluu uku, guluu uku, kulemba tsiku pambali. Akuti khoma likakhala kuti likuyendabe, galasi lithyoka. Likakhala kuti linagona kalekale, galasi likhala. Nyumba zisanu ndi ziwiri zamatidwa chonchi. Kabweranso pa 28 kudzaona.

Loweruka, 11 Okutobala

Passmore waulula zomwe sananene pamsonkhano. Anayamba watsitsa mawu, ngati ndi iye mwini kampani. Akuti zachikasu akonza za anthu amene ali pantchito basi. Kwa wopuma ntchito, chikasu ndi chofiira n'chimodzimodzi. Buludoza.

Apongozi anasiya kusankha fodya mu 2009. Pano zaka 79.

Kwawo n'kuti? Anachoka ku Dedza ali kumsana. Sanapondekonso. Anzathu Achishona zikavuta amati ndikupita kumusha, kumudzi kwawo. Ife kumusha kwathu ndi kuseri kwa damu, kumene kuli manda.

Ndiye 14 ikagwa apita kuti? Ndawerenga zala, zonse zikuloza nambala 3. Zipinda ziwiri.

Taganizani. Kuvula malaya m'nyumba mwanga, kwatha. Mu Okutobala! Kudya pakhonde miyendo ili tambalale, kwatha, mkamwini sameza apongozi akuona. Kuyetsemula mwaufulu, kwatha. Zaka 27 ine ndi iwo sitinayambanepo, chifukwa cha nyumba khumi zili pakati pathu. Tikakumana panjira, ine kupatukira ku udzu, chipewa m'manja, moni maso ali kumbali. Akafuna kundiuza kanthu amauza Jesinta, ine ndili chiimire pomwepo. "Uwauze bambo a Charmaine kuti nkhuku zawo zandithera mpiru." Jesinta n'kutembenuka kundiuza. Ine n'kuyankha Jesinta. Achinyamata amaseka, akuti zachikale. Zachikale zimenezo ndi zomwe zasunga mtendere.

Galasi lija lisathyoke. Ndalipempherera mochita kutchula nambala ya nyumba.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Lathyoka.

Ndinadutsa m'mawa ngati ndikusaka nkhuku. Kamzere pakati penipeni. Masiku asanu ndi limodzi okha. Ndinazungulira zinyumba zina zija zisanu ndi imodzi, magalasi onse ali bwinobwino, akuchita kunyezimira.

Khoma siliyenda chonchi m'chilimwe, nthaka ili gwa. Zaka 31, ndikudziwa. Pali dzanja la munthu.

Mbuzi za a Reason, oyandikana nawo? Galasi lili pachifuwa pa munthu, mbuzi yake ikhale ngamira. Ana a mpira? Kuseri kumeneko kuli chitedze, safikako. Ndodo ya apongozi ili ndi chitsulo kunsonga. Ndangolemba chabe. Sindinanene kanthu.

Chifukwa chake n'chachidziwikire. Mpopi. Chiikireni mpopi uja akhala akuuza Jesinta kuti anthu ena ali ndi mwayi. Afuna nyumba yawo ilephere mayeso, adzakhale pakhonde langa, madzi ali pamphuno.

Tiona.

Lachinayi, 16 Okutobala

Amayi onse ku Mvano, mabulauzi oyera mbee. Komboni zii.

Galasi ndinatenga pazenera la shedi yakale yosankhiramo fodya. Kudula ndi chodulira matailosi, kupala m'mphepete pamwala. Guluu wamphamvu madola atatu ku Mvurwi. Jesinta ndinamuuza kuti ndi womatira nsapato. Anangoyang'ana nsapato zanga.

Kuchotsa lothyoka, kupala bwino, kumata langa. Tsiku lomwe analemba Rutendo sindinalikhudze. Ntchito yaukhondo, a Sixpence akanaona akanagwedeza mutu.

Si chinyengo. Ndangobwezeretsa chomwe ndodo inaononga. Mulungu akuona, ndipo ndikhulupirira akumvetsa.

Madzulo apongozi anatumiza mpiru wotendera. Ndinadya, wokoma kwabasi. Koma ndikuwadziwa.

Lamulungu, 19 Okutobala

Kutchalitchi ulaliki wa nyumba yomangidwa pamchenga. Baibulo lonse lija, mavesi mbwee, mlaliki kukasankha pamenepo. Ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi.

Pobwera ndinazungulira kuseri kwa 14. Lathyokanso. Masiku atatu. Galasi la zenera, lokhuthala kawiri kuposa la Rutendo!

Ndakwiya. Madola anga atatu.

Potulukira kutsogolo ndinangoti gululu, apongozi ali pakhonde akuswa mtedza, ndodo pamiyendo, Jesinta pambali. Chipewa m'manja, maso ku mango. Iwo osadzutsa ngakhale mutu. "Jesinta, bambo a Charmaine masiku ano akonda kuseri kwa nyumba yanga. Kodi chimbudzi chawo chadzaza?"

Jesinta anatembenuka kuti andifunse. Ndinamuuza kuti ndamva.

Lachinayi, 23 Okutobala

Mvano uja wandithandizanso. Lero ndatchera msampha.

Magalasi awiri. Limodzi pamalo akale. Lina pamwamba penipeni, pansi pa malata, pomwe mng'alu ukuthera. Pofika pamenepo mpaka makwerero. Ndodo singafike ngakhale ataima pampando, ndipo kwa munthu woima pansi silikuoneka. Lapansi likathyoka lapamwamba n'kukhala, ndikaitana Jesinta adzaone yekha ntchito za amake. Sindidzalankhula. Ndidzangoloza.

Ndili pamwambapo ndinaona tinjira ta chiswe pamtanda wonyamula denga. Kudina ndi chala, chala kulowa ngati mu buledi. Ndinatsika msanga. Chiswe chili paliponse m'komboni muno, si nkhani.

Guluu watha. Mitambo inasonkhana cha ku Centenary masana, kenako kubalalika.

Loweruka, 25 Okutobala

Onse awiri.

Lapamwamba silinangothyoka. Zidutswa zatalikirana, mtengo wa machesi kulowa pakati n'kutsalako malo. Ndinakhala pamakwerero nthawi yaitali, mpaka a Reason podutsa kufunsa ngati ndakomoka.

Ndodo ilibe mlandu. Masiku khumi ndi limodzi ndikunamizira munthu wamkulu. Manyazi andigwira, ndilembe poyera.

Ndinamanga mwala kuchingwe, kulendeweretsa kuchokera pamwamba. Khoma lapendekera kunja zala zitatu. Pa 8 Rutendo anapeza chala chimodzi ndi theka, ndinagwira chingwe ndine.

Chikuliyendetsa n'chiyani m'chilimwe? Ndinakumba m'munsi mwake ndi khasu. Mkono umodzi pansi, matope. Paipi yothirira fodya, yomwe tinakwirira mu Ogasiti, imadutsa mapazi anayi kuchokera pakhomalo. Polumikizira pakudontha. Miyezi iwiri ikumwetsa maziko. Analumikiza ndani? Tisafunse zambiri.

Ndiye chinthu china chinandibwerera. Khoma limeneli ine sindinalionepo mkati. Nyumba 41 za m'komboni muno ndalowa chipinda chilichonse, ndikudziwa amene amabisa mowa pansi pa bedi. Kupatula chimodzi. Mkamwini salowa kuchipinda kwa apongozi. Zaka 27 ndikuweruza khoma poliona kumsana.

Ndinafunsa Jesinta kuti mkati muli bwanji. Akuti muli nsalu. Nsalu yanji? Akuti nsalu basi. Kenako anaika chipande pansi n'kuyamba kulira.

Akudziwa kuyambira Seputembala. Amake anamulumbiritsa.

Lamulungu, 26 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Mulungu andikhululukire, kapena andiwerengere ngati ndapita.

M'mawa kukatseka madzi a paipi ija. Passmore adzakalipa mawa, akalipe.

Kenako ku 14, Jesinta patsogolo. Ndinavula nsapato pakhonde. Kugwada pakhomo. Kuuza Jesinta kuti awauze amayi kuti ndikupempha kuona kuchipinda. Yankho linabwera lisanadutse mwa Jesinta: ayi. Kupemphanso. Akuti kiyi ali ku Guruve. Kiyiyo ndikumuona, ali pachingwe m'khosi mwawo.

Ndiye ndinachita chomwe sindinachitepo. Ndinati, "Amayi, pepani, ndikulowa." Kwa iwo, osadzera kwa munthu. Mawu anatuluka ngati a mwana wa sukulu.

Kenako anavula chingwe chija m'khosi n'kuchiika pansi. Osati m'manja mwanga, pansi.

Bedi lagundana ndi khoma lomwelo. Pamwamba pake chitenje chokhomedwa ndi misomali, cha maluwa. Ndinachikweza.

Pangodya khoma lasiyana ndi linzake, dzanja langa kulowa mpaka pamkono. M'menemo atsendera matumba a feteleza, pamwamba kuzira ndi dothi mosalala, ntchito ya manja odziwa. Kuchotsa thumba limodzi, dzuwa kulowa. Mtanda wa chiswe uja watsetsereka, wangogwira njerwa ndi kansonga, zala ziwiri. Pansi pake pilo.

Khomali ndi la mizere iwiri ya njerwa. Wakunja ndinaupaka pulasitala ine kawiri, ndi manja angawa, n'kumadzitama. Kuphimba chilonda ndi nsalu yoyera.

Ndinakhala pansi, m'chipinda cha apongozi, ngati kwathu.

Iwo anaima pakhomo, akulankhula ndi Jesinta monga mwa nthawi zonse. Ndilemba momwe ndikukumbukira.

"Ndimalimva likamadzinyung'unya. Sindine wogontha. Koma akaigwetsa nyumbayi mlongo wako Elias adzanditenga, ndikafere ku Epworth ku Harare m'kachipinda ka lendi, akanditaye pakati pa anthu osawadziwa. Bola lindigwere muno. Kuchokera pano kukafika kuseri kwa damu, kwa bambo ako, amuna anayi anyamula osapumira."

Jesinta anati nanga kwathu, amayi, si mukanabwera kwathu?

"Kwa mkamwini? Munthu wandipatsa ulemu zaka zonsezi, ndikamusowetse pokhala m'nyumba yake yomwe? Sindinaleredwe choncho."

Masiku khumi ndikudula magalasi kutchinga munthu amene sanaganizeko n'komwe zobwera.

Masana onse mitengo ya bulugamu. Mizati itatu pansi pa mtanda, iwiri kuchirikiza khoma kunja. A Reason anathandiza, osafunsa mafunso, Mulungu awadalitse pamodzi ndi mbuzi zawo. Bedi talitulutsira pabalaza. Apongozi akuti pabalaza pali mphepo.

Lachiwiri, 28 Okutobala

Rutendo wabwera. Jombo zija zayamba kufanana ndi za anthu.

Ndinakonza mawu panjira yonse, ndi ziganizo zake. Sanandipatse mpata. Anaima kuseri kwa 14, kuyang'ana pansi, kuyang'ana pamwamba. "Sekuru Konda, ndinasiya galasi limodzi. Ndapeza awiri. Ndipo anenepa."

Ndinaulula zonse. Shedi, guluu, Mvano, ndodo. Paipi ndinayamba ndazungulira pang'ono, kenako ndinaululanso. Passmore pakamwa yasa. Rutendo anaseka mpaka kugwira mzati, ine kumuuza kuti asautsamire. Koma atalowa kuchipinda kuseka kunatha. Anajambula, kuyeza, kulemba. Anandifunsa kuti mayiwa agona pansi pa mtanda umenewu mpaka liti. Ndinati mpaka dzana.

Anagogoda makoma ena atatu aja nthawi yaitali. Akuti ali bwino, amene anamanga ankadziwa. Apongozi anamva, anakonza duku. Akuti khoma la kum'mawa lokha ligumulidwe, maziko atsopano ozama, mtanda watsopano, mankhwala a chiswe, paipi isunthidwe. Mvula isanakhazikike. Mizati yanga anaiyang'ana, akuti akanaika chimodzimodzi. Chimenecho ndachilemba kuti chisaiwalike.

Ndiye penti wachikasu.

Ndinamutsatira kugalimoto. Ndinati mwanangu, kwa mayi awa chikasu ndi buludoza. Akuti akudziwa, analimbana nazo ku ofesi, anakana. Kenako, "Ine ndimayeza makoma, sekuru. Zoti m'nyumba muli dzina la ndani, mndandanda uli ndi Passmore." N'kundiyang'ana nthawi yaitali, ngati pali china chomwe ndaiwala kulipira.

Sindinamve chomwe amatanthauza. Ndinangoti yendani bwino.

Lachitatu, 29 Okutobala

Ndamva. Chinandipeza masana ndili pakhonde, mbale pamwendo.

Yachikasu ya munthu wapantchito, akonza. Yobiriwira, saikhudza, kaya mukugona ndani.

Ayi.

Nsanamira izi ndinaumba ndekha, Loweruka lililonse miyezi itatu. Siling'i mabolodi ake ndinanyamula pamutu kuchokera kunyumba yakale ya manijala pamene ankaiphwasula. Simenti yofiira. Ndimu wayamba kubala chaka chatha chomwechi. Mpopi.

Kamtsikana aka n'koipa mtima.

Sindinamuuze Jesinta. Anandifunsa chifukwa chake ndikusisita nsanamira. Ndinati ndikufuna chiswe.

Lachisanu, 31 Okutobala

Dzulo tsiku lonse kusaka njira ina. Kuwalembetsanso ntchito? Zaka 79, maso akuona fodya yense mtundu umodzi. Kukonza khomalo ndekha mwakachetechete? Simenti matumba 14, thumba madola khumi ndi awiri, ndipo chikasu chili kale pachitseko ndi m'foni ya Rutendo. Khoswe wakhala pamkhate.

M'mawa ndinapita kwa Passmore. Nambala 14, lembani Kondanani. Nambala 3, lembani Filesi Sixpence.

Anavula magalasi. "Mudhara, mwapenga? Nyumba ya siling'i?" Anawerenga pepala la kampani kawiri, chala chikuyenda pansi pa mizere. Palibe poletsa. Analemba. Kenako akuti chimbudzi cha kwake chapendekeka, mwina Loweruka lina ndingadutseko. Foromani sathandiza munthu chabe.

Jesinta nditamuuza anandiyang'ana ngati mlendo. Kenako anandiphikira mazira atatu. Atatu! Zaka 27 sindinapitirirepo awiri.

Mtima ukuwawa ndithu. Ndisanamizire kuti ndine woyera. Ukuwawa.

Lachitatu, 5 Novembala

Masiku anayi apongozi akukana. Akuti sangalande nyumba ya mkamwini, anthu adzati chiyani. Anavomera Jesinta atawauza kuti akapanda kusamuka, dzina langa lili kale pa 14, ndiye tidzagona tonse atatu pabalaza limodzi. Mkazi wanga ali ndi nzeru za amake.

Kusamuka ndi wilibala. Maulendo khumi ndi asanu ndi anayi, ndinawerenga. Komboni yonse pakhonde kuonerera, ngati kanema. Mkazi wa a Reason akuti sanaonepo mkamwini wotere. Sindikudziwa ngati kunali kuyamikira.

Apongozi analowa mu nambala 3, kuyendera chipinda ndi chipinda, ndodo go, go, pa simenti yanga yofiira. Ine panja, kudikira mawu. Anatuluka.

"Jesinta, uwauze bambo a Charmaine kuti pansi pawo m'poterera, afuna ndithyoke chiuno. Chitseko chikulira. Ndipo mpopi uwu wayandikira kwambiri, azimayi azindisokosa kuyambira m'mawa."

Mpopi wayandikira kwambiri.

Ndinauza Jesinta kuti awauze kuti chitseko ndidzathira mafuta.

Loweruka, 8 Novembala

Khoma lagumulidwa. Njerwa imodzi imodzi kuchokera pamwamba, kupala, kusanja. Zambiri n'zabwino, zolira ukazimenya. Tazisunga 600.

Pansi ndinapeza chinsinsi cha a Sixpence. Maziko mizere iwiri basi, yomangira dothi. Mphunzitsi wanga! Amene ankandimenya ndi chipewa ndikasiya mzere wokhota! Kaya simenti ya mzungu inapita kuti chaka chimenecho. Apongozi sindiwauza. Komabe dothi lakelo lagwira zaka 60, paipi yanga yagwira miyezi iwiri. Tisanyozane.

Ngalande ya maziko atsopano tafika m'chiuno. Simenti analonjeza matumba 14, abwera 6. Passmore akuti hameno, ndiko kuti kaya, mwina sabata yamawa. Miyala ilipo, mchenga ulipo. Mtanda watsopano wagona panja, wopakidwa mankhwala, ukununkha komboni yonse.

Ine ndi Jesinta pabalaza. Mbali ya kum'mawa lona, denga laima pamizati isanu. Mphepo ikaomba lona amapuma ngati ng'ombe. Dzuwa limatidzutsa lisanadzutse wina aliyense.

Podutsa pa 3 ndinaona ndimu wanga wathyoledwa. Akuti anali wokhwima kale.

Lachinayi, 13 Novembala

Mvula.

Inayamba cha m'ma 3 masana, yamatalala poyamba, kenako yeniyeni. Simenti yotsala sinabwere. Ngalande kudzaza mpaka pakamwa, mphindi makumi awiri. Madzi kuyamba kunyambita pomwe paima mizati yakunja.

Jesinta ndinamutumiza ku 3 ndi zofunda ndi ufa. Anati tiye tonse. Ndinakana. Mzati umodzi ukatsetsereka pafunika munthu woukhomerera pomwepo, apo ayi denga likhala pansi, ndipo denga likagwa chikasu chisanduka chofiira, tonse tilibe nyumba yachiwiri. Chifukwa china sindinanene. Kukagona kwa apongozi, ine?

Ndinakhala pampando pabalaza, nyundo pamwendo, kuyang'ana mizati. Wachitatu unalira kamodzi. Ndinaukhomerera. Unaliranso.

Kenako go, go, pakhonde.

Apongozi. Okha. Thumba la feteleza pamutu, chitenje chonyowa chamamatira miyendo, matope mpaka m'maondo. Anazemba Jesinta akuyala. Nyumba khumi, pamvula imeneyo, zaka 79.

Ndinadzambatuka, chipewa ndilibe choti n'kugwira. Jesinta palibe. Tilankhulana bwanji?

Iwo analowa, kukoka kampando, kukhala pansi pa mtanda penipeni. Kupukuta nkhope. Kenako anatembenukira kuchitseko.

"Chitseko iwe, uwauze bambo a Charmaine kuti akakhala muno, inenso ndikhala."

Ndinayang'ana chitseko. Ndinachiuza kuti chiwauze amayi kuti denga ili silili bwino, achoke msanga. Ndinachiuzanso kuti likagwa nyumba yapita.

"Uwauze kuti nyumba ndi njerwa. Uwauze kuti womanga mmodzi ndinaika kale kuseri kwa damu. Wachiwiri sindimuika ine."

Mzati unalira kachitatu. Sindinaukhomerere. Ndinaika nyundo pansi.

Panjira thumba limodzi anthu awiri, silinafunditse aliyense. Pafupi ndi kwa a Reason ndodo inaterereka, ndinawagwira mkono. Wopepuka, fupa lokhalokha. Ndimayesa auchotsa. Mpaka pakhonde la nambala 3 sanauchotse.

Ikugwabe. Kuchokera pano 14 sikuoneka.